Funsani za Masewera: Kodi Zitsulo Zimaumitsa Dzanja la Wosewera Basketball?

Makalata ambiri amene atipeza kuno ku Blantyre mwezi uno akukhudza nkhani imodzi, ya kunyamula zitsulo pakati pa osewera basketball. Tasankhapo anayi, ndipo tawafupikitsa pang'ono kuti mayankho apeze malo.

FUNSO: Akonzi, ndine mnyamata wa zaka 21 ndipo ndimasewera mu timu ina ya m'chigawo cha kummwera. Msinkhu ndili nawo ndipo ndimaponya molunjika, koma ndikafika pansi pa mkombero amandikankha mosavuta, mpira n'kundilanda. Ndikamaonera NBA, ligi yaikulu ya basketball ya ku America, ndimaona osewera a mapewa akuluakulu, ndiye ndinafuna kuyamba kunyamula zitsulo, koma mkulu wina amene anasewerapo kale wandiuza kuti zitsulo zimaumitsa dzanja ndipo ndidzasiya kuchinya. Kodi n'zoona? Nanga osewera a NBA amanyamula zolemera bwanji? Wowerenga wa ku Zingwangwa.

YANKHO: Achimwene, mkulu amene wakulangizaniyo musamunyoze, chifukwa mantha amenewa anali ponseponse, ngakhale ku America komweko, kumene kwa zaka zambiri aphunzitsi ankaletsa osewera awo kuyandikira zitsulo poopa kuti minofu ikakula idzawamanga mapewa. Zimenezo zinatha kalekale. Lero timu iliyonse ya NBA ili ndi akatswiri olembedwa ntchito yoona za mphamvu ndi kulimba kwa matupi a osewera, ndipo oponya bwino kwambiri mu ligiyo nawonso amanyamula zitsulo. Zitsulo siziumitsa dzanja la munthu amene akupitiriza kuponya mpira tsiku ndi tsiku. Funso lanu lachiwiri, lakuti amanyamula zolemera bwanji, ndi limene lingakusocheretseni mukapanda kusamala.

Nkhani yofanana kwambiri ndi yanu ndi ya Michael Jordan. M'zaka za 1988, 1989 ndi 1990, timu yake ya Chicago Bulls inkatulutsidwa m'ndime ya chipulula ndi timu imodzimodzi, Detroit Pistons, imene mphunzitsi wake anali Chuck Daly. Jordan anali kale wochinya kuposa wina aliyense mu ligi, choncho vuto silinali luso. A Pistons anakonza zakuti iye akangolowa cha pansi pa mkombero, anthu awiri kapena atatu, monga Bill Laimbeer ndi Dennis Rodman, azimutsekereza ndi matupi awo ndi kumugunda asanadumphe n'komwe, moti pofika kumapeto kwa masewero otsatizanawo amakhala atatheratu. Mu 1989 anayamba kulimbitsa thupi ndi katswiri wina dzina lake Tim Grover, ndipo anawonjezera minofu pang'onopang'ono, pafupifupi makilogalamu 7, kuti thupi ndi dzanja zizizolowera kusinthako. Mu 1991 Bulls inagonjetsa Pistons masewero anayi otsatizana, n'kupitirira mpaka kutenga chikho chake choyamba. Sizinali zitsulo zokha zimene zinachita izi, pakuti anzake monga Scottie Pippen anali atakhwima ndipo timu inali m'manja mwa mphunzitsi Phil Jackson, koma Jordan sanasiye kuchinya: anatsogolabe pa mapointi chaka chimenecho ndiponso zaka ziwiri zotsatira.

Taonani pamene mphamvu za m'mapewa, m'mikono, pachifuwa ndi kumsana zimagwira ntchito m'bwalo. Mpira ukagunda mkombero n'kubwerera, amene waugwira ndi manja awiri ayenera kuukokera pansi pa chibwano msanga, zigongono zili kunja, pamene manja atatu kapena anayi a timu inayo akuumenya kuti ugwe, ndipo apa pamafunika zala zolimba ndi msana wotha kukoka. Mukadumpha kuti muike mpira mumkombero ndipo wotchinga wakugundani paphewa muli m'malere, thupi lofooka limatembenuka mpira n'kupita kumbali, pamene thupi lolimba limakhalabe lolunjika ku bolodi, mpira n'kulowa, woyimbira n'kukupatsaninso mwayi woponya kamodzi chifukwa cha faulo. N'chimodzimodzi poima nji kuti mutsegulire mnzanu njira, kapena posunga malo anu pamene munthu wolemera kuposa inu akukukankhani ndi msana. Zonsezi zimachitika munthu ataimirira, nthawi zambiri pa mwendo umodzi, ndipo mphamvu yake imachokera pansi, kudutsa m'chiuno ndi pamimba, kenako n'kufika m'mapewa. Palibe nthawi m'masewero imene wosewera amagona chagada n'kukankha chinthu m'mwamba.

Ndanena zimenezi chifukwa anyamata ambiri m'majimu a m'tauni muno amayeza mphamvu ndi chinthu chimodzi chokha, bench press, pamene munthu amagona pa benchi n'kukankha chitsulo kuchoka pachifuwa. Kwa zaka zambiri NBA inkayesa achinyamata ofuna kulowa mu ligi ndi chitsulo cha makilogalamu 84, n'kuwerenga kuti achikweza kangati. Mu 2007 Kevin Durant analephera kuchikweza ngakhale kamodzi, ndipo ambiri anamuseka. Timu ya Seattle SuperSonics inamusankhabe pa nambala yachiwiri, ndipo iye anadzatsogola pa mapointi mu ligi yonse kanayi, anasankhidwa wosewera wopambana onse mu 2014, n'kutenga zikho ndi Golden State Warriors mu 2017 ndi 2018. Mikono ya Durant akaitambasula imakwana pafupifupi mamita 2.25, ndipo munthu wa mikono yaitali chotere amakankha chitsulo mtunda wautali kuposa munthu wamfupi wa chifuwa chachikulu, choncho muyezo umenewu umapondereza matupi omwewo amene basketball imawafuna. Mbali inayi kuli Ben Wallace, amene anali wamfupi poyerekeza ndi anzake osewera pakati, koma chifukwa cha mphamvu zake anasankhidwa wotchinga wopambana onse kanayi, ndipo mu 2004 anathandiza Detroit kugonjetsa Los Angeles Lakers ya Shaquille O'Neal, munthu wamtali ndi wolemera kwambiri kuposa iye. Wallace ankafunika mphamvu zolimbana ndi zimphona pansi pa mkombero, Durant ankangofunika zokwanira kuti asagwedezeke poponya, ndipo nambala imodzi ya makilogalamu singayeze anthu awiriwa.

Za dzanjazo, kumbukirani kuti mpira wa amuna umalemera magalamu 600 ndi pang'ono, osafika n'komwe pa paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi. Mzere woponyera mapointi atatu uli pa mamita 6.75 m'malamulo a FIBA, bungwe loyendetsa basketball pa dziko lonse, amene timatsatira kuno, ndipo ku NBA umafika mamita 7.24. Chimene chimafikitsa mpira mtunda umenewu ndi miyendo ndi chiuno, pamene ntchito ya chigongono, dzanja ndi zala ndi kuulunjikitsa ndi kuuzunguliza mobwerera m'mbuyo. Stephen Curry, amene anachinya mipira 402 ya mapointi atatu mu sizoni ya 2015 mpaka 2016, anavutika ndi kakolo pachiyambi mpaka kuchitidwa opaleshoni mu 2011 ndi 2012, ndipo chimene chinamuthandiza ndi kulimbitsa chiuno, ntchafu ndi minofu ya pamimba pogwiritsa ntchito zitsulo zolemera ndithu. Thupi lake lero ndi lodzaza kuposa m'mene analowera mu ligi mu 2009, koma dzanja silinaume.

Chimene mkulu uja anaona, ndipo anaonadi, ndi kutopa. Munthu akanyamula zolemera minofu imafooka kwa maola angapo, ndipo kwa wongoyamba kumene ululu umakula tsiku lachiwiri kapena lachitatu. Akapita kukaponya ali chomwecho mpira umaperewera kapena kupitirira, ndiye amaganiza kuti dzanja lawonongeka. Ena amakopeka ndi jimu mpaka kuchepetsa nthawi ya m'bwalo, ndipo pakatha miyezi amadabwa kuti sakuchinya, chikhalirecho cholakwa ndi kusiya kuponyako.

Kwa inu masiku awiri kapena atatu pa sabata ndi okwanira, ndipo pakati pake pazikhala tsiku lopuma. Pa ntchito iliyonse yokankha, monga mapushapu, bench press kapena kukweza zitsulo pamwamba pa mutu muli chiimire, muzichitanso ntchito yokoka yofanana nayo kapena yoposerapo, monga kudzikweza pa chitsulo chopingasa mpaka chibwano chidutse, ndi kukokera chitsulo pamimba mutawerama msana uli wowongoka. Anyamata amakonda kukankha chifukwa chifuwa chimaoneka pagalasi, koma msana ndi umene umateteza phewa ndi kugwira mpira wobwerera. Sankhani kulemera kumene mungabwereze ka 6 mpaka ka 10 osapindika thupi, mupume, mubwerezenso mpaka katatu, ndipo muziwonjezera pang'ono pokhapokha zikayamba kupepuka. Miyendo musaisiye. Tsiku lomwelo tengani mpira mukaponye moyandikira mkombero, kenako pa mzere wa faulo, kuti dzanja lizizolowera mphamvu zatsopano pamene zikubwera. M'masabata oyambirira mudzaona mphamvu zikuwonjezeka thupi lisanasinthe maonekedwe, chifukwa ubongo ndi mitsempha ndizo zimayamba kuphunzira kugwiritsa ntchito minofu imene muli nayo kale, pamene kukula kwa minofuyo kumaoneka pakatha miyezi iwiri kapena kuposerapo.

FUNSO: Akonzi, mwana wanga wamwamuna ali ndi zaka 14 ndipo amakonda basketball kwambiri. Ndazindikira kuti akaweruka kusukulu amapita kuseri kwa nyumba ina kumene anyamata anathira simenti m'zitini za penti n'kulowetsamo paipi, ndipo amapikisana kunyamula. Anthu akundiuza kuti apinimbira, koma iye akuti osewera onse otchuka amachita zomwezo. Kodi ndimuletse? Mayi wa ku Chilomoni.

YANKHO: Mayi, mwachita bwino kufufuza kumene mwana amapita. Kunyamula zitsulo pakokha sikupinimbiritsa mwana. Bungwe la madokotala a ana ku America, la American Academy of Pediatrics, limavomereza kuti ana ndi achinyamata azilimbitsa minofu ngati pali wamkulu wodziwa amene akuwayang'anira, ndipo msinkhu wa munthu umatsatira mtundu wa makolo ake, chakudya, tulo ndi thanzi. Giannis Antetokounmpo, mwana wa makolo a ku Nigeria amene anabadwira ku Athens, analowa mu timu ya Milwaukee Bucks mu 2013 ali ndi zaka 18, ali woonda kwambiri. Anayamba kunyamula zitsulo moyang'aniridwa ndi akatswiri a timuyo, ndipo m'zaka zotsatira anawonjezera makilogalamu pafupifupi 20, uku akutalikanso ndi masentimita angapo. Anasankhidwa wosewera wopambana onse mu 2019 ndi 2020, ndipo mu 2021 anatenga chikho atachinya mapointi 50 m'masewero omaliza.

Mwana wanu akunena zoona, koma wasiya mbali yofunika, yakuti osewera amenewo samanyamula okha. Chimene chandidetsa nkhawa m'kalata yanu ndi kupikisanako. Kumapeto kwa mafupa aatali a mwana amene akukula kuli malo ofewa pamene fupa limakulira, ndipo malo amenewa angavulale mwana akamakakamiza kukweza chinthu choposa mphamvu zake kuti aonetse anzake, kapena chitsulo chikamugwera. Zonyamula za simenti zili ndi mavuto akenso: palibe amene amadziwa kulemera kwake kwenikweni, mbali imodzi imatha kulemera kuposa inzake, simenti imatha kusweka kapena kuvuka pa paipi chinthucho chili pamwamba pa nkhope, ndipo sizitheka kuchepetsako kuti chigwirizane ndi mwana wa zaka 14. Anyamata akuluakulu a m'madera mwathu apanga matupi abwino ndi zipangizo zimenezi, ndipo luso lawo lodzipangira jimu popanda ndalama ndimalilemekeza, koma si malo oti mwana ayambirepo yekha.

Musamuletse kulimbitsa thupi, chifukwa akhoza kumangopita mobisa. Muuzeni ayambe ndi kulemera kwa thupi lake lomwe: mapushapu, kudzikweza pa chitsulo chopingasa, kunyonyomala n'kudzuka, ndi kugwira thupi mowongoka atatsamira zigongono ndi zala za kumapazi. Kenako pitani naye kwa mphunzitsi wake, kaya kusukulu kaya ku Blantyre Youth Centre kumene matimu amasewerera, kuti munthu wodziwa amuone ndi kumuuza nthawi yoyamba zitsulo zopepuka, zoti angabwereze ka 10 mpaka ka 15. Pa msinkhu wake amafunika kugona maola 8 mpaka 10. Akayamba kudandaula za ululu wa pabondo, pachigongono kapena pamsana umene sukutha pakadutsa masiku angapo, mupite naye kuchipatala.

FUNSO: Akonzi, ndili ndi zaka 19 ndipo ndimasewera mu timu ya atsikana. Aphunzitsi athu akuti tonse tiyambe kunyamula zitsulo, koma ndikuopa kuti ndidzaoneka ngati mwamuna. Komanso phewa langa lamanja limapweteka ndikakweza mkono. Mtsikana wa ku Ndirande.

YANKHO: Achemwali, minofu ikuluikulu imene mukuiopayo imadalira kwambiri homoni ya testosterone, imene m'thupi la mkazi imakhala yochepa kwambiri poyerekeza ndi la mwamuna, choncho kunyamula kawiri pa sabata kudzakupatsani mphamvu ndi mapewa olimba popanda kukusandutsani munthu wina. Osewera a WNBA, ligi ya amayi ya ku America imene inayamba mu 1997, amanyamula zitsulo monga amachitira amuna. Mpira wanu ndi wocheperapo pang'ono, koma mkombero uli pa mamita 3.05 kwa aliyense, ndipo kukankhana kwa pansi pake n'komweko. Aphunzitsi anuwo muwamvere.

Phewalo ndiye mulisamale musanayambe. Fupa la mkono limakhala m'kabowo kosazama, ndipo limagwiridwa ndi timinofu tinayi ting'onoting'ono timene timatopa msanga mwa munthu woponya kwambiri. Kutilimbitsa sikufuna ndalama: dulani chubu chakale cha njinga, muchimange pa chitsulo cha geti kapena cha windo molingana ndi chiuno, mugwire ndi dzanja chigongono chitakhudza nthiti ndipo chitapindika, kenako mutembenuzire dzanja kunja pang'onopang'ono n'kulibweza modekha, ka 15. Musakweze zitsulo pamwamba pa mutu ululu ukadalipo. Ngati ululuwo ndi wolasa, ngati umakudzutsani usiku, kapena mukumva ngati phewa likufuna kuguluka, siyani kaye ndipo mupite kuchipatala cha kwanu kuti akutumizeni kwa a mafizo ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth.

FUNSO: Akonzi, ndimaphunzitsa timu ya anyamata a zaka zoposa 18. Kodi ligi ikayamba azisiya zitsulo kuti asamatope? Komanso ena akufuna kugula ufa wa m'zigubu ndi mapiritsi amene akuti amakulitsa minofu msanga. Mphunzitsi wa ku Bangwe.

YANKHO: Aphunzitsi, asasiye, angochepetsa. Timu ya NBA imasewera masewero 82 kuyambira Okutobala mpaka Epulo, nthawi zina masiku awiri otsatizana, choncho ntchito yaikulu yomanga minofu amaichita ligi ikatseka. Ligi ikayamba cholinga chimakhala kusunga zimene anamanga, ndipo amanyamula nthawi yochepa, kulemera kukhalabe kokwanira koma kubwereza kuchepa. Ambiri amanyamula masewero akangotha, usiku womwewo, kuti kutopa konse kugwere tsiku limodzi ndipo lotsatira likhale lopumula ndithu. Munthu akasiyiratu, mphamvu zimayamba kutsika pakatha masabata angapo, ndiye anyamata anu angadzafooke nthawi imene ligi yafika pothina. Ngati mumasewera Loweruka, anyamule molimbika Lolemba kapena Lachiwiri, abwereze mopepuka Lachinayi m'mawa, ndipo Lachisanu chikhale cha mpira wokha.

Za chakudya, munthu wofuna kumanga minofu amafunika mapuloteni pafupifupi magalamu 1.6 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake tsiku lililonse, kutanthauza kuti wolemera makilogalamu 75 amafunika magalamu 120. Dzira limodzi lili ndi magalamu 6 okha, choncho mazira paokha sangakwanitse, koma nyama ya soya youma pafupifupi theka la kulemera kwake ndi mapuloteni, mtedza gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo usipa, matemba, nyemba, nandolo ndi chambiko zonse zimathandiza. Chofunika ndi kuzigawa pa chakudya chilichonse, kuyambira phala la m'mawa lothira nsinjiro, m'malo modikira ndiwo za usiku zokha. Nsima, mpunga ndi mbatata asazichepetse, chifukwa wosewera amene sakukhuta thupi lake limawotcha mapuloteni omwewo kuti lipeze mphamvu zothamangira, minofu n'kusowa chomangira.

Ufa wa m'zigubuwo, ngati ndi weniweni, nthawi zambiri umakhala mapuloteni ochokera ku mkaka, ndipo suchita china choposa chimene usipa ndi soya zingachite pa mtengo wotsika. Mapiritsi ndi jakisoni zokulitsa minofu msanga ndi nkhani ina, ndipo apa ndikukupemphani kuti muume mtima. Mankhwala a mtundu wa masiteroyidi amawononga chiwindi ndi mtima, amakweza kuthamanga kwa magazi, ndipo amatha kuchepetsa mphamvu yobereka ya mnyamata. Bungwe loona za mankhwala oletsedwa m'masewera pa dziko lonse, la WADA, limawaletsa, ndipo NBA imaimitsa wosewera masewero 25 akapezeka nawo koyamba. Uzani anyamata anu kuti aliyense amene wapatsidwa piritsi kapena jakisoni ku jimu abwere nazo kwa inu asanagwiritse ntchito, ndipo inu mukafunse kwa dokotala kapena ku famase kuti ndi mankhwala anji.